Zotsatira za MSCE pa sekondale yathu: akukhoza ndani, nanga ena aja akutsalira kuti?

Nachisale, woyang'anira gulu: Mwaswera bwanji nonse. Zotsatira za MSCE zatuluka ndipo mndandanda wa CDSS yathu ya pa tauni aupachika kale pa bolodi. Chiyambire dzulo foni yanga sikupuma. Ena akuti chaka chino zayendako bwino, ena akuti sukulu yalowa pansi tikayerekeza ndi anzathu a ku boding'i. M'malo moti aliyense azindinong'oneza kumbali, tiyeni tikambirane pano poyera. Pempho langa ndi limodzi: tisatchule dzina la mwana wa munthu kapena la mphunzitsi. Wotchula ndimuchotsa osafunsa.

aPhiri a ku Limbe: Ndiyambe ine, ndipo sindizungulira. Sukulu ija yatha. Nthawi yathu mphunzitsi ankalowa m'kalasi belu likulira, ndipo ukachedwa unkakumba dzenje mpaka dzuwa pamutu. Lero ana ali pa TikTok, aphunzitsi ali pa bizinesi. Nanga bwanji masukulu ogonera konko a m'boma lomweli la Mulanje amatulutsa mapointi abwino? Mvula ndi yomweyi, madzi ndi a m'phiri lomweli.

Mayi a Chisomo: Iii achimwene, mwayamba ndi moto m'mawa muno.

Mphunzitsi Wopuma: Zikomo mayi Nachisale potsegula nkhaniyi. aPhiri mwana wanga, funso lanu ndi labwino, koma yankho lake silili mu Fomu 4. Lili pa tsiku limene Unduna wa Zamaphunziro umatulutsa mayina a ana osankhidwa kupita ku Fomu 1.

Mayeso a Sitandade 8 akatuluka, ana samwazidwa mwachisawawa. Amene akhoza pamwamba penipeni m'dziko lonse amatengedwa ndi masukulu a national monga Blantyre Secondary, Dedza, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government, pamodzi ndi masukulu a mishoni amene boma limawathandiza. Otsatira awo amapita ku ma boding'i a m'boma lawo. Akatha amenewo ndi pamene masukulu oyendera ndi ma CDSS amalandira ana a m'mapulayimale owazungulira. Ndiye mukaima lero n'kunena kuti boding'i yaposa sukulu yathu, simukunama, koma inali itaiposa kale ana asanasoketse n'komwe yunifomu. Mlimi amene wapatsidwa mbewu yosankha ndi amene watola yotsalira pansi pa nkhokwe simungawafunse ngolo zofanana.

Achinyamata ambiri pano simudziwanso kumene ma CDSS anachokera. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira kusukulu. Chiwerengero chinadumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Ana amenewo anayenera kupita kwinakwake akamaliza Sitandade 8. Mu 1998 malo amene tinkawatcha ma DEC, a maphunziro a pamakalata a MCDE, anasandutsidwa ma CDSS. Chikwangwani chinasintha, koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi anali omwewo, ambiri a ife ophunzitsidwa za pulayimale ku TTC. Ine dipuloma ya ku Domasi ndinakaitenga imvi zitayamba kale.

Mayi a Chisomo: Aphunzitsi, zonse mwanenazo ndamva, koma ana athu si mbewu ya pansi pa nkhokwe ayi. Wangayo anakhoza Sitandade 8 ali m'kalasi yokhala pansi, mphunzitsi mmodzi ana osawerengeka.

Mphunzitsi Wopuma: Mwanena bwino mayi. Mwana wosankhidwa ku CDSS wapambana kale anzake ambiri, chifukwa mwa ana amene amakhoza Sitandade 8 si onse amene amapeza malo ku sekondale ya boma. Chimene ndikunena ndi chakuti malikisi amene mwana amalowa nawo amanena zambiri za pulayimale imene wachokera, osati nzeru zake zokha.

aPhiri a ku Limbe: Koma bambo, chaka chilichonse timamva pa wailesi kuti mwana wa ku CDSS yakuti wapeza mapointi ochepa zedi mpaka kuposa a ku national. Ndiye kuti zimatheka.

Madamu a Bayoloje: Zimatheka, n'chifukwa chake zimakamveka pa wailesi. Zikanakhala za tsiku ndi tsiku bwenzi mtolankhani asakuvutika nazo.

Ine ndimaphunzitsa pa CDSS ina ku Thyolo, koma mchemwali wanga wamng'ono ali pa sukulu yanuyo. Ndisanapitirire, tigwirizane kaye kuti tikamati mwana wakhoza tikunena chiyani, chifukwa makolo ambiri amavina pa chinthu chimene sichingamufikitse mwana kumene iwo akuganiza. MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pass chabe, 9 ndiye wagwa. Kuti mwana alandire satifiketi ayenera kukhoza maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi, limodzi likhale la kirediti, kapena maphunziro 5 kuphatikizapo Chingerezi koma atatu akhale a kirediti. Ndiye mwana wa ma 7 ndi ma 8 okhaokha, wokhala ndi 6 mmodzi yekha, ali pa mndandanda wa okhoza limodzi ndi wa mapointi 12. Sukulu ikamalengeza chiwerengero chake onsewa amawaphatikiza.

Koma yunivesite ya boma imafuna makirediti 6, ndipo Chingerezi chikhale momwemo. Apa ndi pamene ana athu ambiri amathera. Ndawaona ana okhala ndi 3 mu Masamu ndi 4 mu Bayoloje, Chingerezi n'kubwera 7. Chitseko chatsekeka pomwepo. Ena Chingerezi chikabwera 9 ndiye ngakhale satifiketi palibe, ena onsewo akhale okongola bwanji.

Wa ku Ndata: Madamu anena zoona. Ine ndinaphunzira pa sukulu yathuyi ndipo pano ndili ku MUST. Ndiwonjezere kuti makirediti 6 amangokupatsa chilolezo chotumiza fomu ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, sakupatsa malo. Malo ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni kaya kuno ku MUST ndi ochepa, ndipo pulogalamu iliyonse imayang'ana maphunziro ake. Ukafuna za udokotala kapena uinjiniya ayang'ana Masamu, Fizikisi, Kemisitile, Bayoloje. Chilengezereni mu 2020 kuti quota, ija yogawa malo potengera boma limene mwana akuchokera, yatha, mwana wa ku Nkando akulimbirana malo ndi mwana amene wakhala mu labu kuyambira Fomu 1.

Ife titration tinkaiphunzira pa bolodi. Aphunzitsi ankajambula burette ndi choko, n'kutiuza kuti apa mtundu usintha kukhala pinki, ife n'kulemba kuti usintha kukhala pinki. Zipangizo zenizeni tinazigwira mayeso a practical atayandikira, manja akunjenjemera kuopa kuswa. Aphunzitsi aja sanali aulesi ayi, analibe choti atipatse.

aPhiri a ku Limbe: Komabe iwe unakhoza.

Wa ku Ndata: Ndinakhoza nditabwereza, achimwene. Ndipo kwathu kunali magetsi, bambo anga ankagwira ntchito pa boma. Anzanga amene ankandiposa mu Fomu 1 ena sanalembe n'komwe mayeso.

Nangondo: Eya, pamene wafika mng'ono wathuyu ndi pamene ine ndimadikira. Tonse tikukangana za mndandanda uli pa bolodi. Mndandanda umenewo uli ndi mayina a ana amene anafika m'chipinda cha mayeso. Amene anatsalira m'njira mulibe.

Ndipeke manambala kuti timvane, si a sukulu yathu ayi. Tinene kuti Fomu 1 alowa ana 100, anyamata 50 atsikana 50, poti masiku ano posankha amayesetsa kugawa pakati. Pofika Fomu 4 atsala 60, ndipo mwa 60 amenewo akhoza 36. Pa pepala alemba kuti 60 mwa 100 aliwonse akhoza, ife tiwomba m'manja, ahedi tiwagulira mbuzi. Sukulu ina yalandiranso ana 100, yalimbana nawo, yawalondola m'midzi, yafika nawo 90 mu Fomu 4, akhoza 45. Pa pepala ndi theka basi, ndipo aPhiri aitukwana pa gulu pano. Koma yoyambayo yapereka masatifiketi 36, yachiwiriyo 45. Ndiuzeni imene yagwira ntchito.

Choopsa chake n'chakuti mwana wovutika akasiya sukulu, chiwerengero cha okhoza chimakwera. Ndiye amene akuti chaka chino zayendako bwino, ndikufuna andiuze kaye kuti ana amene analowa Fomu 1 zaka zinayi zapitazo anali angati, ndipo atsikana amene akhala pa desiki ya mayeso ndi angati. Popanda manambala awiri amenewo sitikudziwa ngati tizivina kapena tizilira.

Nachisale, woyang'anira gulu: Apa ndiye mwandikhazika pansi achemwali.

Mphunzitsi Wopuma: Mayi Nangondo akhudza pamene ife aphunzitsi sitikonda kukhudzidwa. Lejisitala ya Fomu 1 ndi ya Fomu 4 siziikidwa pa tebulo limodzi. Palinso china chimene chimabisa dzenjelo: malo a ana osiya amadzazidwa ndi obwera pa transifa ndi obwereza. Ukalowa mu Fomu 4 upeza kalasi yodzaza, koma ukayang'ana nkhope, zambiri si zija unazilandira poyamba.

Mayi a Chisomo: Ndiye ndiloleni ine ndikuuzeni kumene anawo amapita, poti ife ndi amene timakhala nawo. Ine ndimathyola tiyi ku esiteti. Mukalowa m'kalasi ya Fomu 1 pa sukulu yathu mupezamo ana a mitundu ingapo. Pali ana a pa tauni, makolo awo apolisi, anamwino, a m'maofesi a pa boma, a magolosale pa Chitakale. Amenewo ndi ochepa, chifukwa kholo lokhala ndi kanthu mwana akangosankhidwa ku CDSS limamunyamula kupita naye ku private. Pali ana a m'makomboni a esiteti. Ndiye pali khamu lalikulu la ana a m'midzi, oyenda wapansi kapena pa njinga, ena ochokera kutsidya la mitsinje.

Tsono onani mmene chaka chimayendera kwa ife. Tiyi amachuluka nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo. Nthawi imeneyo mayi amachoka pakhomo kusanache, kubwera madzulo atatopa. Teremu yachiwiri imagwa pomwepo. Ndani atunge madzi, ndani aphikire ang'onoang'ono phala, ndani atsale ndi wodwala malungo? Ndi mtsikana wamkulu, yemwe uja ali Fomu 2. Miyezi yomweyo ndi ya njala, ufa wa m'nyumba watha, chimanga cha m'munda sichinache. Miyezi yomweyonso Ruo, Lichenya, Likhubula ndi timitsinje tina timadzaza, mwana amaima kutsidya kudikira madzi aphwe, pofika kusukulu maphunziro awiri adutsa.

Mvula ikatha masamba amachepa, ambiri a ife ntchito imaima. Sukulu ikamatsegulira mu Seputembala, pamene pakufunika yunifomu, nsapato, makope, m'thumba muli mphepo. Minda kuno mukuidziwa, ndi timagawo tating'ono poti malo aakulu ali pansi pa tiyi. Timadalira nandolo, koma mukukumbukira mu 2017 mtengo wake utagwa. Nthochi zimene zinkaphunzitsa ana ku Thyolo ndi kuno zinapita ndi matenda a chisaka. Ndiye boma lichotse fizi kaya lisachotse, mwana amafunabe kudya, sopo ndi nyali yowerengera.

Nangondo: Nanga za self-boarding mwasiya bwanji mayi?

Mayi a Chisomo: Ndimaopa kuyamba chifukwa mtima umandiwawa. Kholo limaona kuti mtunda watalika, ndiye limamupezera mwana kachipinda ka lendi kuseri kwa mashopu, anayi kapena asanu m'chipinda chimodzi. Palibe matironi, palibe mpanda, palibe wofunsa kuti wabwera nthawi yanji. Amupatsa kathumba ka ufa ndi nyemba kuti zimufikitse kumapeto a mwezi. Zikatha pakati pa mwezi, ndipo zimatha, pa tauni sipasowa bambo wachifundo chabodza. Teremu yotsatira mwana uja simumuonanso.

Kabaza wa pa Chitakale: Akuluakulu ndilankhuleko nanenso. Mukukamba za atsikana, ndi zoona, koma anyamata nafenso timatha mwakachetechete ndipo palibe amatilondola. Ine ndinasiyira Fomu 3. Palibe anandithamangitsa. Ndinayamba kubwereka njinga ya amalume Loweruka lokha, kunyamula anthu ndi katundu tsiku la msika. Kenako Lachisanu. Kenako ndinaona kuti madzulo ndili ndi ndalama m'manja pamene mnzanga amene anakhoza Fomu 4 chaka chathacho akungokhala pa sitolo kupempha ya bandulo. Mutu wa mwana wa zaka 17 umawerengera zimene ukuona. Anzanga ena ali pa Muloza, kuoloka kupita ku Milange kukatenga katundu kudzagulitsa pa Limbuli. Ena anakwera basi ya ku Joni.

aPhiri a ku Limbe: Ndiye ukunong'oneza bondo kapena ayi?

Kabaza wa pa Chitakale: Ndikamaona malonda a ntchito akuti MSCE, ngakhale ya ulonda, ee ndimamva kuwawa. Koma musandifunse ngati kuti panali wina amene anabwera kunyumba kudzafunsa kuti mnyamata uja ali kuti. Dzina langa anangolidula ndi cholembera chofiira.

Amalume a ku Joni: Moni kuchokera ku Johannesburg. Ine ndikuphunzitsa ana atatu a mlongo wanga pa sukulu imeneyo ndi thukuta la kuno. Ndiye musamanene za Joni ngati ndi manda. Koma chimene chimandipweteka ndi ichi: bambo awo anawo ali moyo, ali ndi banja lina kutsidya kwa Thuchila. Ukamufunsa za yunifomu akuti ana ndi a kuchikazi, afunseni amalume awo. Mwambo wa chikamwini anthu ena ausandutsa pobisalira.

Gogo Nambewe: Ayi mwanawe, mwambo usaunamizire. Kale mkamwini wothawa ana ake ankaitanidwa pabwalo, ankhoswe ankamukhazika pansi. Mwini mbumba anali woyang'anira, sanali wolowa m'malo mwa bambo pa chilichonse. Amene akuthawa ana lero akuthawa chifukwa cha mtima wawo.

Amalume a ku Joni: Ndamva agogo. Koma zotsatira zake ndi zomwezo, m'kalasi muja ana ambiri akuleredwa ndi mayi okha kapena ndi agogo ngati inuyo.

Gogo Nambewe: Zimenezo ndiye sindikana. Ine ndili nawo awiri.

Nachisale, woyang'anira gulu: Tibwerere ku sukulu abale, za maukwati zili ndi gulu lake kkkk.

aPhiri a ku Limbe: Chabwino. Zonse mwanenazi ndazimva, umphawi, mitsinje, tiyi. Koma mukuwatchinjiriza kwambiri aphunzitsi. Nanga za open bwanji? Makalasi omwewo, aphunzitsi omwewo, m'mawa aphunzitsa ana osankhidwa ndi boma mothamanga, masana aphunzitsa a open amene amalipira, ndipo kumeneko ndiye mphamvu zonse zimapita poti kuli kangachepe. Ndikunama?

Madamu a Bayoloje: Simukunama kwathunthu. Alipo anzathu otero ndipo timawadziwa. Koma muonenso mbali inayo. Open ndi imene imalandira mwana amene anakhoza Sitandade 8 koma sanasankhidwe, mayi amene akufuna kubwerera kusukulu, ndi wobwereza amene akusaka kirediti ya Chingerezi ija. Mukaitseka anthu amenewo alowera kuti? Vuto ndi lakuti mphunzitsi wa sayansi pa sukulu zambiri zoyendera amakhala mmodzi kapena awiri. Yemweyo Fomu 1 mpaka Fomu 4 m'mawa, yemweyo open masana. Pofika madzulo mawu atha, makope osachonga ali mulu. Ine ndinaphunzira za Bayoloje koma ndaphunzitsapo Masamu chifukwa panalibe wina.

Ndipo poti mwatchula open, pamene mukuwerenga mndandanda uja muonetsetse kuti mukuwerenga uti. Pamakhala ana a sukulu enieni, a open, ndi olemba ngati external, ongobwera kudzalemba mayeso. Mukawasakaniza mupeza chithunzi china, mukawalekanitsa mupeza china. Zimamvekanso kuti masukulu ena, makamaka amene amatsatsa malonda ndi zotsatira, mwana wofooka amamulembetsa ngati external kuti asawadetsere chiwerengero. Ndi nkhani yomwe ija ya mayi Nangondo, kungoti iyi ndi yochita dala.

aPhiri a ku Limbe: Ndiye palibe amene tingamufunse mlandu? Aliyense ndi wosalakwa?

Mphunzitsi Wopuma: Ayi, wofunsidwa alipo. Mphunzitsi wojomba afunsidwe, wobwera ataledzera afunsidwe, wonyenga ana asukulu achotsedwe ndipo akaonekere kukhoti. Ofesi ya Shire Highlands Education Division, imene imayang'anira masekondale a Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu, ili konkuno ku Mulanje, sitikwera basi ya ku Lilongwe kuti tikadandaule. Chimene ndikukana ndi kuweruza sukulu ndi nambala imodzi ya chaka chimodzi.

Kumbukirani zimene ana a zaka zapitazi adutsamo. Mu Malichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19 mpaka cha mu Seputembala ndi Okutobala. Mwana wa m'tauni ankamvera maphunziro pa wailesi kapena pa foni, wa kumudzi anali kumunda, ndipo atsikana ambiri sanabwerere. Chaka chomwecho mayeso a MSCE anabedwa, anathetsedwa ali mkati, ana n'kukalembanso mu Januwale 2021. M'dziko lonse anakhoza pafupifupi 41 mwa 100 aliwonse. Kodi aphunzitsi onse a m'Malawi anachita ulesi chaka chimodzi? Kenako mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatigwera ife a Mulanje ndi Phalombe kuposa ambiri. Makalasi anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, milatho inapita, mabuku ananyowa, ana ena anataya makolo. Mwana amene wataya miyezi mu Sitandade 7 kapena mu Fomu 1 dzenjelo amayenda nalo mpaka tsiku la mayeso, chifukwa silabasi siyibwerera m'mbuyo kukamutenga.

Zaka zambiri, dziko lonse limakhozetsa ana ongopitirira theka pang'ono, ndipo m'chiwerengero chimenecho muli ma national ndi ma private odula. Sukulu yoyendera muiyeze ndi inzake yoyendera.

Wa ku Ndata: Ndiwonjezere za Chingerezi, poti ndi chimene chimatigwetsa. Kunyumba timalankhula Chichewa, agogo ena Chilhomwe. Ku pulayimale mpaka Sitandade 4 zambiri zimayenda m'Chichewa, kuyambira Sitandade 5 akuti zonse m'Chingerezi, koma m'kalasi ya ana oposa zana mphunzitsi amamasulira kuti zinthu ziyende. Ukafika Fomu 1 umapeza kuti funso la Agirikacha yankho ukulidziwa, unabadwira m'munda, koma sukumva chimene akufunsa. Mabuku a literature tinkagawana buku limodzi gulu lonse, aliyense kugona nalo usiku wake. Mwana wa ku boding'i ali ndi laibulale ndi prep ya madzulo pansi pa getsi. Sitikulemba mayeso ofanana ngakhale pepala ndi limodzi.

Nangondo: Ndibwerere kwa atsikana pang'ono, chifukwa pali chinthu chimene makolo ambiri sadziwa kuti ndi ufulu wawo. Kuyambira 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yoti mtsikana amene watenga mimba akhoza kubwerera kusukulu akabereka. Si chifundo cha ahedi, ndi ndondomeko ya boma. Ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangakwatiwe ngakhale makolo avomere. Ine ndili mu mother group ya kwathu, timayenda khomo ndi khomo. Chimene timapeza n'chakuti pepala limalola koma moyo sulola. Khanda atsala nalo ndani pamene agogo ake ali ku tiyi? Anzake m'kalasi amamutcha mayi, aphunzitsi ena amaponya mawu. Ambiri amene amabwerera amapempha transifa kupita kumene sakudziwika, kapena amalowa open. Pa lejisitala ya sukulu yathu amakhalabe osiya, ngakhale atakakhoza kwina.

Mayi a Chisomo: Komanso zimbudzi. Mtsikana wamkulu masiku ake akafika, popanda madzi ndi chipinda chosinthira, amangokhala kunyumba. Mwezi ndi mwezi masiku amenewo akaphatikizana ndi mitu ingati ya Masamu yamudutsa?

Amalume a ku Joni: Nanga bwanji osangomanga hostel ya atsikana? Ife a kunja kuno tikhoza kusonkha.

Madamu a Bayoloje: Hostel imathandiza zedi, koma si njerwa zokha. Pafunika matironi wolipidwa, chakudya, madzi, mpanda. Ndaonapo hostel yomangidwa bwino ili pululu chifukwa makolo alephera ndalama ya chakudya, ana n'kubwerera ku timanyumba ta lendi tomwe tija. Musanatumize ndalama ya simenti funsani kaye kuti ana ochokera kutali ndi angati, ndipo makolo awo angakwanitse zingati.

Mphunzitsi Wopuma: Ndipo musaiwale kuchuluka kwathu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 684,000 m'boma la Mulanje ndi oposa 720,000 ku Thyolo, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Mapulayimale amene amadyetsa sukulu yathu akutulutsa ana ochuluka chaka chilichonse, makalasi a sekondale sakuwonjezeka pa liwiro lomwelo. Ndiye kalasi imene inamangidwira ana 50 mumalowa ochuluka kuposa apo, desiki ya awiri akhala atatu. Ana ambiri pamalo amodzi, mphunzitsi sangadziwe kuti wasowa ndani mpaka teremu itatha.

aPhiri a ku Limbe: Ine pa nkhani ya kujomba kwa aphunzitsi sindinasunthe, ndipo ndidzainena pa msonkhano. Koma manambala amene akunena mayi Nangondo nanenso ndikuwafuna. Tiwapeza bwanji?

Nangondo: Ali mu ofesi ya ahedi, si chinsinsi. Sitikufuna mayina a ana. Tikufuna kudziwa kuti gulu limene lalemba chaka chino linalowa Fomu 1 lili ndi anyamata angati ndi atsikana angati, angati anafika pa JCE, angati analemba MSCE, angati apeza satifiketi, ndipo angati ali ndi makirediti 6 ndi Chingerezi. A open ndi a external awaike paokha. Ngati n'kotheka atiuzenso mapulayimale amene osiyawo anachokera, tione ngati ndi a kutsidya la mitsinje kapena a m'makomboni.

Kabaza wa pa Chitakale: Mufunsenso ngati munthu wosiyira Fomu 3 zaka zapitazo angalowe open kuyambira pomwe anasiyira kapena ayambirenso. Ndikufunsira mnzanga.

Madamu a Bayoloje: Kkkk mnzakoyo umuuze apite yekha kwa amene amayendetsa open pa sukulupo, atenge lipoti lake lomaliza ndi zotsatira za JCE ngati analemba. Asadikire Januwale, teremu yoyamba ndi imene amalandira anthu.

Nachisale, woyang'anira gulu: Chabwino abale. Ndilankhula ndi wapampando wa PTA kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano ukubwerawu, ndipo kalata yopempha manambala ndilemba ine usiku uno. Mayi Nangondo ndi Aphunzitsi muione kaye ndisanaipereke. Tidzapite mwaulemu, ahedi asaone ngati tabwera kudzawazenga mlandu. aPhiri, za kujombazo mudzabwere ndi masiku ake enieni, osati zomva pa minibasi.

Mayi a Chisomo: Msonkhanowo ukhale Lamlungu masana chonde. Mukauika pakati pa sabata ife a ku esiteti kapitawo satilola, mudzakambirana za ana athu muli nokhanokha a pa tauni.